Mizere Yopanda Mawu

Jonas anakweza tsambalo n'kulilozetsa kudzuwa kachitatu. Ankafuna chipsera cha labala, pamene pepala limapyapyala chifukwa chofufutidwa. Sanachipeze. Koma munthu amene watsimikiza kale kuti waberedwa, kusowa kwa phazi la mbala pakhomo sikumutonthoza. Amangoti mbalayo ndi yochenjera.

Kabukuko kanali ka bambo ake, a Matthias, amene anali atagona m'manda masiku atatu. Masamba onse anali zojambula za zitseko ndi mafelemu a mawindo, pakuti a Matthias anali mmisiri wocheka matabwa, ndipo kulemba anakuphunzira ndevu zitamera kale. Tsamba lomaliza lokha ndilo linali ndi mawu. Pamwamba pake panali dzina la mng'ono wake wa Jonas, ABSON, m'zilembo zikuluzikulu zopendekera kumanzere. Kenaka mzere wowongoka wa pensulo, wopanda kanthu. Pansi pake mawu ochepa, kenaka mzere wina wopanda kanthu, mawu enanso, mpaka kasanu ndi kamodzi.

————
Pita, mwanawe.
————
Sinikugwira.
————
Dzenje si lako.
————
Usabwerere.
————
Usanipenye.
————
Nidya utuchi.

Jonas anali mphunzitsi. Anaphunzira ku Kasisi, ndipo ndakatulo ankazidziwa mmene ankaphunzitsira ana ake a Sitandade 2: kuima chilili, manja kumbuyo, mzere uliwonse kugwa ngati lula pathebulo. Atawerenga chomwecho anaona kuti nkhani njosachita kufunsa. Galu wamkota sakandira pachabe. Munthu amene sanalembepo kalata moyo wake wonse sakanatola pensulo kuti aseke. Limeneli linali temberero, ndipo pa mizere yopanda mawuyo payenera kuti panali zoopsa kuposa apa, mwinanso za mwini sowo ndi munda. Wina anazichotsa.

Winayo Jonas sanachite kumufuna kutali. Amene anapita kuthengo kukatenga jekete la malemu, tsiku la maliro, anali Abson. Kabukuko kanali m'thumba la jeketelo, ndipo kanayenda m'manja mwa Abson ola lathunthu popanda mboni.

Mkangano wa Abson ndi bambo ake mudzi wonse unkaudziwa. Sowo ya m'dzenje ndi ya anthu awiri. Chipika chimagonekedwa pa mitengo yopingasa pamwamba pa dzenje. Mmisiri amaima pachipikapo, kukweza sowo ndi kuyang'anira mzere wa makala, pamene mnzake amaima pansi kukoka, utuchi ukumugwera kumaso. Kuti manja agwirizane amaimba, wapamwamba kuponya, wapansi kuyankha. Abson anaima m'dzenje la bambo ake kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo yankho lake linali limodzi chaka ndi chaka: "Nakoka, tate."

Tsiku lina m'chaka cha 1953, chaka chimene Chitaganya chinayamba, a Matthias anaponya kuti, "Mwana wabwino amamvera mkulu." Kuchokera pansi kunamveka zina: "Nanga wapansi adzakwera liti?" Mawuwo anatalika, dzanja nalo linatalika nawo, sowo inapindika n'kuchoka pamzere, thabwa la mlombwa n'kuwonongeka. A Matthias anakalipa kuti wapansi saimba zazitali. Abson anatuluka m'dzenjemo, anasasa tsitsi lake, nalunjika ku mseu waukulu wa ku Lusaka osatenga ngakhale bulangeti. Kumeneko analowa gulu la anyamata a Congress. Zinkamveka kuti ndiye ankapeka nyimbo zoimba pakhomo pa masitolo amene ankagulitsira anthu akuda pawindo, ndiponso kuti nyimbo ina inamugoneka m'ndende mwezi wathunthu.

Jonas ankachita mantha, tisabise. Banja lawo linali la alendo ochokera ku Fort Jameson, ndipo munda umene ankalima m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe anachita kupatsidwa ndi eni dziko, Asoli. Mesenjala wa boma anali atafika kale kawiri kudzafunsa za Abson. Mnyamatayo akakhazikika pamudzi, nyimbo zake zikhazikikanso, ndiye munda ndi uphunzitsi zikhala bwanji? Koma panalinso kena kamene Jonas sakanavomera ngakhale pamaso pa wansembe. Anali atafufuza kabuku konseko, tsamba ndi tsamba, ndipo dzina lake iye silinali paliponse.

Anapeza amayi ake, a Keziah, pamphasa pakhonde, atafunda nsalu kumutu monga namfedwa. Abson anali atakhala pamtondo wogwetsa chapafupi, akusema mpini wa khasu.

"Amama, mawa pometa niwerenga ichi pamaso pa abale onse," anatero Jonas. "Ni mawu otsiriza a atate. Anthu amve asanagawe katundu."

"Uniwerengere ine poyamba. Maso anga sadziwa pepala, koma makutu alipo."

Jonas anaima chilili, dzanja limodzi kumbuyo, nawerenga mizere isanu ndi umodziyo motsatizana, uliwonse ndi nkhonya yake. Pofika pa "usabwerere" mpeni wa Abson unali utaleka kusema.

A Keziah anapendeka mutu. "Werenganso. Wathamanga. Atate ako sanali kukamba monga munthu wopirikitsa mbuzi m'munda. Anali kupuma."

"Palibe popumira apa, amama. Pali chabe pofufutidwa." Ponena izi maso a Jonas anali pa mng'ono wake.

"Mukamba shani, ba ticha?" anafunsa Abson. Chizolowezi chonena "ba" anabwera nacho kutauni, ndipo Jonas nthawi zonse ankamvamo chipongwe.

"Nikamba kuti jekete unakatenga ndiwe."

"Sininatsegule buku. Nikanatsegula, nikanang'amba tsamba lonse. Nifufute zina, nisiye 'usabwerere'? Muganiza ndine wopusa?"

Mawuwo anali anzeru, ndipo n'chifukwa chake Jonas sanawakhulupirire. Wokaona nyanja anakaona ndi mvuu zomwe. Ndani akudziwa zimene anyamata amaphunzitsana m'ndende za ku Lusaka?

Abson anaika mpini pansi. Nkhope yake inali itagwa, ndipo ankaoneka wamng'ono kuposa tsiku limene anatsika lole ya ku Lusaka kudzalira maliro. "Musavutike kuwerenga mawa," anatero. "Namva. Ninali kuganiza kuti mwina zaka zitatu zinawafewetsa mtima, manje nadziwa. Tikameta chabe, nikwera lole. Sowo mutenge, munda mutenge."

A Keziah anakoka nsalu n'kuphimba nkhope. Jonas anapinda kabuku n'kukaika m'thumba la malaya. Anali atapambana mlandu usanazengedwe n'komwe, koma kukamwa kwake kunali kowawa ngati wadya nthochi yosapsa.

Dzuwa litakwera pang'ono anafika a Nason, munthu wa Chisoli amene ankacheka ndi a Matthias chichokere Abson. Anali wamfupi, wamapewa otambalala, wosakonda kuyang'ana munthu kumaso. Khalidwe limeneli Jonas anali atalilemba kale mumtima, pakuti analinso ndi mlandu wina umene ankautafuna. Bambo ake, mmisiri wa pamwamba zaka makumi atatu, anapezeka atafera pansi m'dzenje. A Nason anangoti malemu anakhala pansi n'kugwira pachifuwa. Anakhala pansi pati, munthu woima pachipika?

A Nason anagwada kupereka moni kwa namfedwa, kenaka anatembenukira kwa anyamatawo. "Nabwera pa nkhani ya sowo. Ikali m'chipika, pamene anaisiya ba Matthias. Mawa ifunika kukhala pamphasa pamodzi na zipangizo zina."

"Kaizuleni," anatero Jonas.

"Siizulidwa chambuyo, ba ticha. Sowo imene mwini wasiya m'mtengo ituluka kutsogolo, thabwa likatha. Ni lamulo la atate anu, si langa. Ndipo manda alibe mtanda. Thabwa lija ndilo liyenera."

"Chabwino. Koma poyamba muniuze, a Nason. Atate anagwa bwanji?"

"Sanagwe."

"Munthu wa pamwamba apezeka bwanji pansi osagwa?"

A Nason anayang'ana zala za kumapazi kwawo. "Ninalonjeza."

"Munalonjeza ndani? Munalonjeza chiyani?"

Pamenepo a Nason anakweza maso, ndipo kanali koyamba Jonas kuona kuti munthuyo anali atalira kwambiri masiku amenewo. "Namva kumene muyenda na mafunso anu. Ngati muganiza kuti manja awa ndiwo anawakankha, manja awa sagwiranso sowo ija. Ana alipo awiri. Mukamalize nokha. Ine nikuperekezani chabe."

Jonas sanagwirepo sowo chibadwire. Iye anamutengera kusukulu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo za kudzenje ankangozimva monga nkhani za kumigodi. Komabe anavomera msanga. Ankafuna kukaona malowo ndi maso ake, kuyeza kutalika kwa dzenje, kufufuza pamene phazi linaterereka. Ankadziona ngati wapolisi, ngakhale anali atavala nsapato za kutchalitchi.

Anayenda ola limodzi motsata mtsinje, kenaka n'kukhotera m'nkhalango. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo nyenje zinkalira ngati zalipidwa. A Nason anali patsogolo, Abson pakati, Jonas pambuyo kuti aziwaona onse awiri ngati angapatsane zizindikiro.

Chipika cha mlombwa chinali chigonere pamwamba pa dzenje, sowo ili chiimire pakati pake. Mzere wakuda wa makala unkapitirira kuchokera pamano a sowo mpaka kumapeto kwa chipika, mikono ngati itatu. Abson sanadikire kuuzidwa. Anavula malaya n'kudumphira m'dzenje ngati munthu wolowa m'nyumba yakale imene sanaikonde. Jonas, pokhala wamkulu, anavula nsapato n'kukwera pamalo a bambo ake.

Anakhalapo nthawi yochepa. Pokweza koyamba sowo inamukana, kachiwiri inamukoka mpaka anatsala pang'ono kugwa chamutu, kachitatu mano anachoka pamzere n'kuyamba njira yawoyawo.

"Imani!" anakuwa a Nason. "Muwononga mtanda wa atate anu. Pamwamba pafuna munthu amene dzanja lake lidziwa sowo. Sinthanani."

"Ine pamwamba?" Abson anaseka kuseka kosakoma. "Pepala lati dzenje si langa. Mwini anati pamwamba si panga. Niime pati, m'mwamba mwa mtengo?"

"Kwera, dzuwa lipita," anatero a Nason.

Abson anakwera monyinyirika. Jonas anatsika mwamanyazi, akudzitonthoza kuti pansipo ndi pamene panali umboni.

Umboni unalipodi, koma osati umene ankaufuna. M'khoma la dzenje munali kabowo kokumbidwa bwino, ndipo m'menemo munali chitini cha fodya cha bambo ake ndi kapensulo kotsala pang'ono kutha. Pamuzu wotulukira m'khomamo panapachikidwa chisaka chovala kumutu potchinga utuchi. Atachinunkhiza, linali fungo la bambo ake lenileni, thukuta ndi fodya wa labu. Pansi, pamene wokoka amaponda, dothi linali litakumbika malo awiri. Dzenje la phazi lamanzere linali lolozera kunja, monga mmene linkalozera phazi la a Matthias chiligwere chipika kalekale.

Jonas anaganiza msanga. Ndani anaika zinthu zimenezi muno? A Nason akanatha kubweretsa chitini ndi chisaka kuti abise mlandu. Koma mapaziwo? Munthu sangakumbe mapazi a mnzake tsiku limodzi. Anaponda m'menemo, navala chisaka chija, nagwira chogwirira cha sowo.

Anayamba kucheka, ngati kumeneko tingakutche kucheka. Abson akamakweza, Jonas anali asanasiye kukoka. Jonas akamakoka, Abson anali asanamalize kukweza. Sowo inkalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo.

"Imbani!" anatero a Nason, atakhala pachitsa. "Sowo siyenda na anthu okwiyirana. Ifuna nyimbo."

"Nyimbo zanga ni za pakhomo pa sitolo," anayankha Abson. "Za kuno nilibe."

Jonas analibe ngakhale imodzi. Nyimbo za kutchalitchi anaziyesa mumtima, koma zinali zazitali, mpweya unkamuthera pakati. Utuchi wofiira unkagwera pachisaka, m'khosi, m'maso. Ndiye pofuna chilichonse choti agwirire, pakamwa pake panatuluka mawu amene anali atamumatirira m'mutu masiku atatu.

"Pita, mwanawe," ananong'ona uku akukoka.

Sowo inafika pansi pomwe mawuwo anathera. Inakwera yokha m'manja mwa Abson, pang'onopang'ono, kuli zii. Jonas anakokanso.

"Sinikugwira."

Inafikanso ndendende. Inakweranso, kuli zii. "Dzenje si lako." Chimodzimodzi. Mphunzitsi uja anadzuka mwa iye, nayamba kuwerenga ndi zala pachogwirira. Pi-ta-mwa-na-we, zisanu. U-sa-bwe-re-re, zisanu. Ni-dya-u-tu-chi, zisanu. Na-ko-ka-ta-te, yankho lakale la Abson lija, zisanunso. Mzere uliwonse wa bambo ake unali wotalika ngati kukoka kumodzi kwa munthu wa m'dzenje. Ndipo kachetechete uja wa pamene sowo ikukwera, wautali kawiri, ndiye anali mzere wowongoka wa pensulo. Tsambalo silinayambe ndi mawu a bambo ake. Linayamba ndi malo a munthu wina, bambo ake n'kumayankha.

Anasiya sowo.

"Mwatopa kale, ba ticha?" anafunsa Abson kuchokera pamwamba.

Jonas anavula chisaka. "A Nason. Atate anali kuima pati?"

A Nason anafikisa manja m'maondo. "Mwaponda pomwepo," anatero potsiriza. "Poti mwaona nokha, sininaphwanye lonjezo. Tsiku limene ninayamba nchito, uyu atangoyenda, atate anu ananiuza kuti kwera. Nati ine sinidziwa mzere. Anati udzaphunzira, uja ninamukaniza kuphunzira. Zaka zitatu, ine pamwamba, iwo pansi. Sanakwerenso ngakhale tsiku limodzi."

"Nanga nyimbo?" anafunsa Abson, mawu ake atachepa. "Munali kuponya ndimwe?"

"Ananiletsa. Anati malo ayo ali na mwini. Ine nikweza chabe nili zii, iwo pansi ayankha okha. Poyamba ninali kuopa, nati kapena mutu wasokonezeka. Pambuyo ninazolowera. Tsiku lija anafika pa 'usanipenye', basi anakhala pansi."

"Chifukwa chiyani munabisa?" anatero Jonas.

"Anati mwana wanga wamkulu ni mphunzitsi, anthu amuvulira chisoti. Asamve kuti atate ake adya utuchi pansi pa munthu waganyu. Angachite manyazi."

Manyazi anabweradi, koma osati amene a Matthias ankawaopa. Jonas anaima m'mapazi a bambo ake, akukumbukira mmene anawerengera tsamba lija pakhonde, dzanja kumbuyo, ngati woweruza. Anali atatenga mayankho a munthu wogonja n'kuwasandutsa malamulo, kungoti sanapume pamene mwini ankapuma. Amayi ake osadziwa pepala anamva cholakwacho nthawi yomweyo. Iye, wa satifiketi, anali kalikiliki kufuna labala. Temberero silisiya malo oti wotembereredwa alankhulepo, ndipo tsamba lija theka lake linali malo.

"A Nason, munikhululukire," anatero. "Ninakuganizirani zoipa."

"Ninaona," anayankha a Nason. "Gwirani sowo."

Jonas anavalanso chisaka n'kuyang'ana kumwamba. Mng'ono wake ankaoneka wakuda bii kutsogolo kwa dzuwa, miyendo ili uku ndi uku pachipika.

"Abson, ponya."

"Niponye chiyani?"

"Ija unasiyira."

Kenaka sowo inayamba kukwera, ndipo pamodzi nayo panakwera mawu amene anawononga thabwa zaka zitatu zapitazo. Ulendo uno anakwana bwinobwino, pakuti ankaimbidwa pamalo pake.

"Nanga wapansi adzakwera liti?"

"Pita, mwanawe," anayankha Jonas, nakoka.

Sowo inadya mtengo mofewa. Abson anakwezanso, ndipo poti kupeka inali ntchito yake, mawu anabwera okha.

"Nikayenda, simudzanikwiyira?"

"Sinikugwira."

"Nanga malo anga ni ati, tate?"

"Dzenje si lako."

"Lekani nitsike, mwakalamba imwe."

"Usabwerere."

Pachisanu Abson anakweza sowo koma mawu anakana. Anaweramira pansi, kuyang'ana kudzera mumng'alu wa chipika munthu wovala chisaka cha bambo ake, ndipo misozi inamutseka maso. Sowo inayamba kupendekera.

"Penya mzere, iwe!" anakuwa a Nason. "Wapamwamba sapenya pansi!"

"Usanipenye," anaimba Jonas, ndipo mawu ake nayenso anali atasweka.

Abson anapukuta nkhope paphewa, nabweza mano a sowo pamakala. Anapuma kawiri, kenaka anakweza.

"Nanga imwe mudzatsala na chiyani?"

"Nidya utuchi."

Anaibwereza nyimboyo mpaka kumapeto kwa chipika. Abson ankasintha mizere yake ulendo uliwonse. Ina inali ya ukali, ya mawindo a masitolo ndi nsabwe za m'ndende. Ina inali yodandaula, ina yachipongwe ndithu moti a Nason anaseka mpaka kutsokomola. Mayankho a m'dzenje sanasinthe, ndipo panalibe mzere wa mnyamatayo, ngakhale wolusa chotani, umene anaukana. Dzuwa litapendeka, sowo inatulukira kutsogolo, thabwa n'kulekana ndi chipika.

Jonas anatuluka m'dzenje manja ali matuza okhaokha. Anatenga kabuku m'thumba la malaya amene anawapachika pamtengo, naika kapensulo ka m'kabowo kaja pakati pa masamba, n'kupatsa mng'ono wake.

"Mawa pometa tiwerenga awiri," anatero. "Iwe uyambe. Za mesenjala tidzaona akabwera."

Abson anatsegula tsamba lomaliza, nayendetsa chala pa mzere woyamba wopanda mawu. Sanalembepo kanthu. Anatseka kabukuko, navala malaya ake, n'kukaika m'thumba la pachifuwa.

"Za lole sininalonjeze kuti naleka, akulu," anatero.

"Sinikugwira," anayankha Jonas, ndipo onse awiri anayang'ana kumbali.

Anabwerera a Nason atasenza thabwa, anyamata awiriwo atanyamula sowo, wina kutsogolo wina kumbuyo. A Keziah anali pomwe anawasiya. Anayang'ana Abson, tsitsi lake lopanda utuchi ngakhale pang'ono, kenaka Jonas, wofiira kuyambira kumutu mpaka m'zikope, diso limodzi likutuluka misozi.

"Bwera kuno," anatero kwa Jonas. "Gwada."

Anapisa dzanja m'mphepete mwa denga la khonde, pamene udzu umakumana ndi nsungwi, natulutsa nthenga ya nkhuku yoyera, yothothoka m'mbali chifukwa chogwira ntchito nthawi yaitali. Anagwira chibwano cha mwana wawo, namupendeketsa mutu mwaluso la munthu wozolowera.

"Munali kudziwa, amama?"

"Munthu wa pamwamba sabwera na utuchi m'makutu. Zaka zitatu, tsiku na tsiku, nthenga iyi."

"Nanga bwanji simunakambe?"

"Iwo anali kuniuza kuti ni fumbi la m'njira. Ine n'kumavomera." Anakweza chikope cha Jonas ndi chala chachikulu, nayandikitsa nthenga kuti achotse utuchi m'diso. "Usaphethire."